KODI GULU LOTHANDIZANA PA MATENDA A MAGANIZO MUNGALIPEZE KUTI?

Wodwala maganizo timaonana naye ku cipatala kamodzi pa mwezi. Masiku ena onse ali kunyumba, ndipo womusamalira, amene kawirikawiri amakhala mai wace kapena mkazi wace, alibe woti amuuze za kutopa kwace. Ndico cifukwa cace ife a cipatala timalimbikitsa magulu othandizana.

Matenda a maganizo si misala yokha ai. Pali munthu amene sagona, sadya, ndipo waleka kupita kumunda kapena ku msika kwa milungu yambiri. Pali mai amene amangolira cibadwire mwana. Palinso mnyamata amene wagwidwa ndi camba kapena kacasu. Onsewa angathandizidwe.

Gulu lothandizana ndi anthu ocepa a vuto lofanana amene amakumana pa tsiku lopangana kuti akambirane. M'caka ca 2016 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa buku lophunzitsa njira imeneyi: anthu 6 mpaka 10 amakumana kamodzi pa mlungu kwa milungu 8, motsogozedwa ndi munthu wophunzitsidwa amene sacita kukhala dokotala. Bungwe la StrongMinds linayamba magulu otere muno m'Zambia m'caka ca 2019.

Nanga kuno ku Vubwi? Musayembekezere kuona cikwangwani pamseu. Boma lathu linapatulidwa ku Chadiza m'caka ca 2012, ndipo akatswiri a matendawa ndi ocepa m'dziko lonse. Yambirani pa kiliniki imene muli nayo pafupi. Uzani anesi kapena a kilinikala ofisa mosabisa kuti mukufuna anzanu okambirana nao. Funsaninso a komiti ya za umoyo ya m'dera lanu, pakuti iwo amadziwa makomo amene muli odwala. Amene akumwa ma ARV afunse kumene amatengera mankhwala, ndipo azimai apakati kapena oyamwitsa afunse a SMAG. Ku chalichi nakonso kuli Mphakati, Cigwirizano ndi Mothers' Union, kumene munthu angapeze womumvera.

Vuto likakula, a pa kiliniki adzakulemberani kalata yopita ku cipatala cacikulu monga St Francis ku Katete, Nyanje ku Sinda, kapena Chipata Central kumene kuli cigawo ca matenda a maganizo. Ambiri akamva za matendawa amangoganiza za Chainama ku Lusaka. Odwala ambiri safika kumeneko.

Koma cenjerani, si gulu liri lonse limene liri labwino. Gulu limene likuuza wodwala kuti ataye mapilisi cifukwa wapemphereredwa, litalikireni. Ndaonapo odwala amene anali bwino ndithu, ataleka mankhwala anabwera nao atamangidwa zingwe pa ngolo. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Gulu labwino silimanga munthu, silimumenya, silifuna ndalama zambiri, ndipo zokambidwa mmenemo sizimveka pa cigayo mawa lace. Kumbukirani kuti lamulo la matenda a maganizo la caka ca 2019 limati wodwala ali ndi ufulu wolemekezedwa monga munthu wina ali yense.

Ngati gulu kulibe, mabanja atatu kapena anai angathe kuliyamba. Pemphani anesi kuti akupatseni malo pa kiliniki, makamaka tsiku lotenga mankhwala kuti ulendo ukhale umodzi, ndiponso kuti mmodzi wa iwo akhale nanu pa misonkhano yoyamba.

Munthu akayamba kunena zodzipha, musadikire tsiku la gulu. Musamusiye yekha, bisani zingwe ndi mankhwala a thonje kapena a mbozi za m'cimanga, ndipo pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo. Mungathenso kuimba foni yaulere ya Lifeline pa 933, kapena 116 ngati ndi mwana.