Masiku Amene Kanema Ankadulidwa ndi Lumo

Mnyamata wa kwa Mfumu Nyalugwe amene lero ajambula anzake ndi foni pa msika wa Nyimba, nafufuta, najambulanso kufikira mtima wake utakhazikika, sangakhulupirire msanga kuti m'masiku a agogo ake akatswiri a BBC ku London, ngakhale anali ndi makina a mtengo woposa ng'ombe za mudzi wonse, analibe ufulu umenewo, ndi kuti kwa iwo mwambi wakuti madzi akatayika saoleka unali lamulo la ntchito.

Poyamba penipeni panalibe ndi tepi yomwe. Mu 1953, pamene sewero la The Quatermass Experiment linaulutsidwa kuchokera ku Alexandra Palace, osewera ankalankhula anthu akuonera nthawi yomweyo m'nyumba zawo. Ndipo chilombo chochokera kumwamba chimene chinaopsa dziko lonselo chinali manja a mlembi wake, Nigel Kneale, atavala magolovesi omatidwa masamba, akugwedezeka pa chithunzi cha tchalitchi cha Westminster Abbey.

Kampani ya Ampex itatulutsa makina ojambulira pa tepi mu 1956, wina akadayesa kuti goli lachoka, koma linangopepuka pang'ono. Tepiyo, ya mainchesi 2 m'lifupi, sinkaonetsa chithunzi kwa woiyang'ana ndi maso monga ichitira filimu. Kotero wofuna kuchotsa cholakwa ankapaka m'mphepete mwake madzi osakaniza ndi ufa wachitsulo kuti mizere yobisika ioneke, nasuzumira m'galasi lokulitsa zinthu, nadula ndi lumo pa malo ake enieni, namata nsonga ziwirizo, podziwa kuti dzanja likanjenjemera pang'ono chithunzi chidzalumpha pamaso pa mtundu wonse. Tepi inali yodula mtengo, ndipo yodulidwa ndi lumo sinkakhulupirikanso pojambulapo sewero lina, motero akuluakulu osunga chuma ankaliona lumolo ngati mdani.

M'nyengo yotereyi munabadwa Doctor Who, sewero la nkhalamba yoyenda m'nthawi ndi pakati pa nyenyezi, limene linayamba pa 23 Novembala 1963 pansi pa Verity Lambert. Osewera ankayeserera masiku angapo m'chipinda chopanda kanthu, ndipo madzulo a Lachisanu ankalowa m'situdiyo yopanikiza ndi yotentha ya Lime Grove kukajambula gawo la mphindi 25 m'nthawi yosapitirira ola limodzi ndi theka, motsatira nkhani kuyambira kumutu kufikira kumchira, makamera akuluakulu akukokedwa mwakachetechete pakati pa zingwe. Anali ngati wopalasa bwato pa Luangwa madzi atadzaza, amene akachoka pagombe sangaime pakati kuti akonze nkhafi. Ndi chifukwa chake William Hartnell, wosewera nkhalamba ija yotchedwa Doctor, akapunthwa lilime, mawu opotokawo ankapita momwemo kwa oonera. Mthunzi wa maikolofoni ukagwa pakhoma, unkakhala. Wosewera akaiwala mzere, mnzake ankamunyamula ndi mawu ake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Gawo loyamba lenileni linajambulidwa kawiri, mkulu wa zamasewero Sydney Newman atakana loyambalo, m'mene zitseko za TARDIS, chombo cha Doctor, zinkatseguka ndi kugunda zokha. Koma chisomo chotero sichinali cha sabata ndi sabata.

Alipo oseka zolakwa zimenezi lero, ndipo ine sindili nawo. Munthu amene afunsidwa kuti akhulupiritse anzake za dziko limene diso silinaonepo, ali ndi matabwa, utoto ndi mpata umodzi wokha, nakhoza ndithu, ayenera ulemu woposa wa iye amene kompyuta imamukwirira zophophonya zonse.

Nkhaniyi ikhudzanso dziko la Zambia. Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Zambia inali pakati pa maiko ogula Doctor Who, osati pa tepi, koma pa filimu ya mamilimita 16 yojambulidwa poloza kamera pa galasi la kanema, kotero kuti lilime lopunthwa la Hartnell linawoloka nyanja osakonzedwa. Oonera anali a m'mizinda ya m'mbali mwa njanji. Kwa Nyalugwe ndi ku Petauke mafunde ake sankafika, ndipo madzulo anali a nthano ndi ng'oma. Ku London nako, kusunga chuma komwe kunaletsa lumo kunachititsanso kuti matepi afufutidwe ndi kujambulidwapo zina, mpaka magawo oposa 90 akusowabe. Mafilimu otumizidwa kunja ndiwo anasanduka nkhokwe: mu 2013 kunalengezedwa kuti munthu wina dzina lake Philip Morris wapeza magawo 9 otayika m'chipinda cha wailesi ya kanema ku Jos, m'dziko la Nigeria.