HARVEY MILK: KANSALA AMENE ANAKHALA PA MPANDO MIYEZI 11 CABE

Mu mzinda wa San Francisco, m'dziko la America, munali mwini sitolo ya makamera dzina lake Harvey Milk. Bambo ameneyu anabadwira ku New York mu 1930, nagwirapo nchito ya usilikali wa pamadzi ndi ya uphunzitsi asanasamukire mu mzindawu mu 1972. Anali mwamuna wokondana ndi amuna anzake, ndipo atafika kumeneko analeka kubisa, ngakhale kuti masiku amenewo munthu wotere akadziwika anali kucotsedwa nchito kapena kupitikitsidwa m'nyumba ya lendi.

Mpando sanaupeze msanga. Anaima pa cisankho ca khonsolo mu 1973 ndi mu 1975, anagwa. Mu 1976 anayesa nyumba ya malamulo ya California, anagwanso. Koma Bambo Milk sanali munthu wokhumudwa. Sitolo yao ya mu mseu wa Castro inasanduka bwalo la madandaulo, ndipo anapalana ubwenzi ndi mabungwe a anchito, amalonda ang'onoang'ono ndi nkhalamba. Mu 1977, lamulo litasintha kuti dera lililonse lizisankha kansala wake, anansi ao anawapatsa mavoti.

Nchito yao yaikulu m'khonsolo inali lamulo loletsa kumana munthu nchito kapena nyumba cifukwa ca amene amakondana naye. Kansala mmodzi yekha, Dan White, ndiye analikana. Koma anthu wamba anawatamanso pa nkhani imene ena angaiseke: lamulo lakuti mwini galu aziwola zonyansa za galu wake mu mseu. Mu Novembala 1978 anathandiza kugonjetsa ganizo lofuna kucotsa aphunzitsi otere m'masukulu a boma m'California monse.

Pa 27 mwezi womwewo, White, amene anali atatula pansi udindo nakanizidwa kubwererapo, analowera pa windo m'nyumba ya khonsolo ali ndi mfuti. Anayamba kuombera Meya George Moscone, kenaka Bambo Milk. Onse awiri anafera pomwepo.

Khoti linalamula White kukhala m'ndende zaka 7 ndi miyezi 8 cabe, cilango copepuka pa miyoyo iwiri. Usiku wa pa 21 Meyi 1979 anthu okwiya anatentha magalimoto a apolisi pakhomo pa khonsolo. Mu 2009 Pulezidenti Barack Obama anapereka mendulo ya ulemu m'dzina la malemu Milk, ndipo mwana wa mbale wao ndiye anailandira.