Singano ya Amayi a ku Chile: Zonenedwa ndi Zochitika

Anthu ambiri amati mayi akagwira singano pa nthawi ya tsoka ndiye kuti akungofuna kuiwala. Amati kusoka n'kotonthoza mtima chabe, ndipo milandu ikuluikulu njoyenera maloya ndi andale. Amayi a mumzinda wa Santiago, ku Chile, adaonetsa kuti si choncho.

Pa 11 Seputembala 1973, asilikali adalanda boma, ndipo Augusto Pinochet adalamulira mpaka 1990. Anthu oposa 3,000 adaphedwa kapena kusowetsedwa. Mwamuna ankatengedwa usiku, mkazi wake n'kuzungulira kupolisi, kundende ndi kuchipatala, koma paliponse yankho linali limodzi: munthuyo sitikumudziwa. Nyuzipepala zinali zitatsekedwa pakamwa. Apa ndi pomwe amayiwa adayamba kusoka zithunzi zotchedwa arpillera, dzina lochokera ku chiguduli chomwe ankasokerapo zigamba. Sankasoka maluwa okongoletsa pabalaza ayi. Ankasoka asilikali akukokera munthu m'galimoto, mafakitale otsekedwa, mphika waukulu wodyetsa ana a dera lonse, ndi funso lawo losatha lakuti okondedwa awo ali kuti. Kumbuyo kwa zonsezi kunkaoneka mapiri a Andes, kuti aliyense adziwe dziko lomwe izi zinkachitika. Ena ankadula zigambazo ku malaya kapena buluku la munthu wosowayo. Mfundo imeneyi imandilasa mtima nthawi zonse: mayi akung'amba chovala chomwe adachichapa kambirimbiri, kuti chikachitire umboni mwini wake. Wofuna kuiwala sachita zotero.

Palinso maganizo akuti luso n'la ophunzira ndi a ndalama. Ambiri mwa osokawa ankakhala m'madera a anthu osauka, ndipo chuma chawo chinali nsanza ndi ulusi. Ambiri sankalembapo maina awo poopa kugwidwa, ngakhale ena ankasokera kathumba kumbuyo n'kuikamo kakalata. Nsaluzo zidafika kunja kwa dziko, anthu akutali n'kuona ndi maso zomwe boma linkakana. Nalonso boma litazindikira, lidayamba kuzinena kuti zikunyozetsa dziko, zina n'kulandidwa.

Koma chikhulupiriro chomwe ndimachikana kwambiri n'chakuti mavuto ndiwo amabala luso, ngati kuti kuzunzika ndi mphunzitsi wabwino. Mawu otere amakoma m'kamwa mwa amene sadagonepo ndi njala. Chisoni chokha chikadawasiya amayiwa aliyense m'nyumba mwake, akulira payekha. Chidathandiza n'chakuti padali malo okumanirana. Kadinala Raúl Silva Henríquez adakhazikitsa bungwe la mpingo wa Katolika lotchedwa Vicaría de la Solidaridad mu 1976, boma litakakamiza kuti bungwe lina lothandiza ozunzidwa litsekedwe. Vicaría inkapereka zipangizo, kugula nsalu zomalizidwa ndi kuzipezera msika kunja. Ndalama yake inkagula chakudya m'nyumba zomwe wopezera banja zosowa adali atasowa. Choncho kusokako kunali umboni komanso ntchito yodyetsa ana, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Pokumanapo ankauzananso ofesi yomwe wina adapitako ndi zomwe adamuyankha, kenako n'kutuluka limodzi kukachita zionetsero, zithunzi za osowa zili pachifuwa.

Nanga adapambana? Timakonda nkhani zothera pabwino, zakuti mayi adalimba mtima ndipo zonse zidakonzeka. Zoona zake n'zosakanikirana. Mu 1978 mitembo ya amuna 15 idapezeka m'ng'anjo zakale za laimu ku Lonquén, ndipo bodza lakuti kulibe osowetsedwa lidayamba kuphwasuka. Lero zina mwa nsalu za amayiwa zikusungidwa ku nyumba yosungiramo zinthu za mbiri yotchedwa Museo de la Memoria y los Derechos Humanos, yomwe idatsegulidwa ku Santiago mu 2010. Koma Pinochet adamwalira mu 2006 khoti lisadamugamule kuti ndi wolakwa. Pomwe boma la Gabriel Boric linkakhazikitsa dongosolo lofufuza osowa mu 2023, anthu oposa 1,000 anali asadapezekebe, ndipo ambiri mwa amayi omwe adasoka nkhope zawo anali atatsikira kale kulichete osadziwa komwe ana awo adagona.