Masipika a pabalaza: yambani ndi awiri

Pa katoni akalemba kuti 3000W PMPO, musatengeke nazo. Nambala yoona ndi ya RMS, ndipo pabalaza wamba mawati 50 pa sipika iliyonse ndi okwana. Ngati m'thumba muli mopepuka, gulani risiva ndi masipika awiri abwino kusiyana ndi asanu achabechabe. Yapakati mudzaonjezera mtsogolo, chifukwa mawu a anthu olankhula mufilimu amatulukira mmenemo.

Yang'anani ma ohm a masipika, kawirikawiri 6 kapena 8. Akachepera pa amene alembedwa kumbuyo kwa risiva, imatentha n'kumazima yokha. Koma ngozi yaikulu ili pa risiva zakaunjika. Yochokera ku America imafuna 120V, pomwe magetsi athu ndi 230V. Mukailumikiza popanda thiransifoma, yapsa pomwepo, ndalama zapita.