Rechazar: Kukana m'Chisipanishi

Ife timangoti "kukana", kaya ndi mphatso, mlandu kapena ntchito. Chisipanishi chimasiyanitsa. Pokana chinthu chimene mwapatsidwa, mneni wake ndi rechazar: "Rechazó la oferta", anakana zomwe anamulonjeza. Wokana mlandu amagwiritsa ntchito negar, pomwe wokana kuchita kanthu amati negarse a: "Me niego a firmar", ndakana kusaina.

Polemba samalani. "Ndimakana" ndi rechazo, koma "ndinakana" ndi rechacé, chifukwa z amasanduka c akatsatidwa ndi e.

Komatu mneniyu ndi wolemera pakamwa, amayenera m'makalata ndi m'nyuzipepala. Mnzanu wa ku Lima akakuikirani chakudya inu mutakhuta kale, musamuyankhe kuti "La rechazo", angaone ngati mwamunyoza. Mungoti "No, gracias", basi.