MAU A PA WAILESI AMAPITA, A M'BUKU AMATSALA

Masiku ano ku Msongwe, monganso m'midzi ina yozungulira mzinda wa Mzuzu, anthu akaweruka ku munda amamvera nkhani pa wailesi, ndipo amene ali ndi magetsi amaonera wailesi ya kanema. Nkhani za mtengo wa feteleza, za mvula ndi za ku Nyumba ya Malamulo zimafika pakhomo tsiku lomwelo. Koma tafunsani mnzanu zimene anamva mwezi wathawu, mudzaona alikukanda m'mutu. Mau a pa wailesi ali ngati mame, dzuwa likakwera sapezekanso. Chifukwa cha ichi atola nkhani ena, atagwira ntchito zaka zambiri, anakhala pansi nalemba mabuku. Lero tikufotokozerani za awiri a iwo, wina wa kwathu konkuno, wina wa kutali.

BAMBO AUBREY KACHINGWE

Kuno ku Malawi wailesi ya kanema inachedwa kufika. Television Malawi inayamba kuonetsa zithunzi m'chaka cha 1999, pamene wailesi ya mau ya MBC inali itayamba kale mu 1964. Tsono atola nkhani athu oyamba anali a nyuzipepala ndi a wailesi ya mau, ndipo mmodzi wa iwo ndiye Bambo Aubrey Kachingwe.

Bambo Kachingwe anabadwira ku Blantyre mu 1926. Anaphunzira kuno kwathu ndiponso ku Tanganyika, dziko limene lero liri mbali ya Tanzania. Ntchito yotola nkhani inawayendetsa m'maiko a kum'mawa kwa Africa mpaka ku London, ndipo atabwera kumudzi anakhala mkuru woyang'anira nkhani ku MBC.

M'chaka cha 1966 kampani ya Heinemann ya ku London inasindikiza buku lao la m'Chingerezi lochedwa No Easy Task, ndiko kunena kuti si ntchito yapafupi. Bukuli linalowa m'gulu la mabuku a alembi a mu Africa lochedwa African Writers Series, limene linayamba mu 1962. Amene analikuthandiza kusankha mabuku a m'gululi anali Bambo Chinua Achebe a ku Nigeria, amenenso anali munthu wa pa wailesi ya kwaoko.

Bukuli likamba za mnyamata dzina lake Jo Jozeni, mwana wa mbusa wa mpingo, amene apeza ntchito pa nyuzipepala m'tauni yochedwa Kawacha. Dziko lake likali m'manja mwa Angerezi, ndipo anthu alikulimbana kuti adzilamulire okha. Tauniyo njongopeka, simungaipeze pa mapu. Koma amene anaona masiku a Chitaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, sangalephere kuzindikira fungo la nthawi imeneyo. Inu a kumpoto mudziwa bwino zimene zinachitika pa 3 March 1959, pamene Boma la Atsamunda linagwira atsogoleri a Congress, ndipo anthu ambiri anaomberedwa pa doko la Nkhata Bay.

Apa mpamene pali kusiyana. Wowerenga nkhani pa wailesi ali ndi mphindi zowerengeka. Anena kuti kunali msonkhano, anagwidwa anthu akutiakuti, basi wapita pa nkhani ina. Koma wolemba buku ali ndi mpata wolowa m'mtima mwa munthu, kuti tione mantha ake, njala yake ndi kukayika kwake. Zimene Bambo Kachingwe anawerengera anthu kapena kukonza pa wailesi zinamveka tsiku limodzi, koma Jo Jozeni akali moyo kwa ali yense wotsegula bukulo.

MAI ZEINAB BADAWI

Wachiwiriyu ndiye wa pa wailesi ya kanema weniweni. Mai Zeinab Badawi anabadwira ku Khartoum m'dziko la Sudan mu 1959, ndipo anapita ku England ali kamwana. Mmodzi wa makolo ao akale, Babiker Badri, ndiye anatsegula sukulu ya asungwana ku Rufaa mu 1907, nthawi imene ambiri analikuyesa kuti kuphunzitsa mwana wamkazi nkutaya nthawi. Maiwa anaphunzira ku Oxford, nawerenga nkhani pa Channel 4 kuyambira 1989 kufikira 1998, ndipo pambuyo pake analowa ku BBC, kumene anachuka ndi kufunsa atsogoleri a maiko mafunso olimba.

Mu 2017 BBC inayamba kuonetsa zithunzi zao zofotokoza mbiri ya Africa, zimene anazikonza potsata mabuku a mbiri a bungwe la UNESCO. Koma sanalekere pomwepo. Mu 2024 anaturutsa buku lochedwa An African History of Africa, ndiko kuti mbiri ya Africa monga aikamba eni ake. Polikonza anayenda maiko a mu Africa oposa 30, nafunsa aphunzitsi a mbiri, ofukula zakale ndi osunga miyambo a m'maikomo. Chimene analikufuna nchakuti anthu adziwe kuti mbiri yathu sinayambe tsiku limene Mzungu woyamba anatsika m'ngalawa. Munthu amene nkhope yake yaoneka pa kanema zaka zambirimbiri anaona kuti nkhani yaikuru chotere iyenera kukhala pa pepala.

MOTO WA PA LUWINGA

Tisanamizane, buku nalonso likhoza kutayika. Mu December 2015 nyumba yosungiramo mabuku ya pa Mzuzu University ku Luwinga inapsya, ndipo mabuku zikwi zambiri anasanduka phulusa usiku umodzi. Mlimi ali yense adziwa kuti mbeu yonse siisungidwa m'nkhokwe imodzi. Buku lipulumuka ngati liri m'manja ambiri, m'sukulu, m'matchalichi ndi m'nyumba za anthu.

Chifukwa chake mukapita ku msika wa Mzuzu kukagulitsa nthochi kapena ndiwo zamasamba, tumani mwana wanu akafike ku nthambi ya National Library Service ya mumzindamo. Akafunse za mabuku tachulawa, ndiponso a malemu D. D. Phiri a ku Mzimba, amene anabadwa mu 1931 namwalira mu 2019. Iwowa analemba m'nyuzipepala zaka zambiri, natisiyiranso mabuku monga From Nguni to Ngoni ndi History of Malawi, ndi ena a m'Chitumbuka.

NTCHITO YA PAKHOMO PANU

Tsono pali ntchito ina imene atola nkhani a ku Blantyre kapena ku London sangakugwirireni. Ku Msongwe aliko akuru amene anamva kwa makolo ao m'mene Mzuzu anayambira pa minda ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940. Aliko amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ndi amai odziwa mbeu zamakolo zimene zimapirira mvula ikachuruka. Akuru amenewa alikutha mmodzimmodzi, ndipo ali yense akapita, apita nazo.

Gulani kope limodzi ndi cholembera. Madzulo mutadya nsima, tsekani wailesi kwa kanthawi, ndipo mwana wa sukulu akhale pafupi ndi agogo ake. Alembe kumene banja linachokera, maina a makolo, malire a munda ndi amene anapereka mundawo, zaka za njala ndi m'mene anthu anapulumukira. Alembe m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chichewa, monga agogowo alankhulira, ndipo aike tsiku ndi chaka. Akatha akopere m'kope lina, likasungidwe kwa mbale wa ku mudzi wina.

Makolo anati mau a akuru akoma akagonera. Koma kuti agonere, pafunika pogona pake. Mlandu wa malire ukadzabuka zaka 20 zirinkudza, kope lija lidzathandiza kukumbutsa bwalo la amfumu zimene ananena amene sadzakhalapo.