Ukhondo wa M'khitchini

Khitchini ndi malo amene banja limakonzeramo chakudya. Malowa akakhala auve, matenda amalowa m'banja kudzera m'chakudyacho.

Matenda monga kolera ndi kamwazi amayamba ndi tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso. Ntchentche ikachoka kuchimbudzi imanyamula tizilomboti kumiyendo kwake. Ikatera pa nsima kapena pa ndiwo, tizilombo tija timatsala pomwepo. Manja osasamba nawonso amafalitsa matendawa. M'zaka za 2022 ndi 2023, kolera inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno.

Chifukwa cha ichi, wophika ayenera kusamba m'manja ndi sopo asanagwire chakudya. Pa nthawi ya kudya, anthu azithirirana madzi osamba m'manja, pakuti onse akasambira m'beseni limodzi amapatsirana tizilombo. Chakudya chizivundikiridwa, ndipo chimene chagona chitenthetsedwe kwambiri chisanadyedwe. Madzi akumwa awiritsidwe ndi kusungidwa mumtsuko wovundikira. Mbale ndi miphika zikatsukidwa, ziyanikidwe pathandala kuti ziume ndi dzuwa ndiponso kuti agalu asazinyambite. Zinyalala zitayidwe m'dzenje lakutali ndi khitchini.

Mwana amene amathandiza makolo ake ntchito zimenezi amateteza banja lonse.